Kodi nyama ya pa mbale yanu anaiona ndani?

Lero tikambirane za nyama ndi za lamulo.

M'chaka cha 2025, Boma linatumiza ku Assembleia da República, nyumba yathu ya malamulo ku Maputo, ganizo la lamulo lokhazikitsa bungwe latsopano loyendera zakudya ndi malonda. Dzina lake ndi lalitali: Inspecção-Geral de Segurança Alimentar e Económica. Mwachidule amalemba IGSAE. Musaliope dzinali, liwerengeni liwu limodzilimodzi. Inspecção ndi kuyendera n'kufufuza. Segurança alimentar ndi mawu amene mumawamva pa wailesi akamanena za njala ndi zokolola, koma pano tanthauzo lake ndi lina: chakudya chimene munthu wagula chisamudwalitse. Ganizo la Boma linali loti ntchito yoyendera, imene inali yomwazikana m'maofesi osiyanasiyana, ikhale pansi pa denga limodzi.

Mwina mukuti zimenezo ndi za ku Maputo, ife kuno ku Assumane zikutikhudza bwanji? Zikukukhudzani ngati mumagula theka la kilo ya nyama ya mbuzi Lamlungu. Zikukukhudzani ngati mumaweta, kapena ngati mwana wanu amawotcha kanyenya m'mbali mwa msewu. Ine ndikuona kuti kusinthaku kuli ndi nzeru yake. Koma nyama siikhala yabwino chifukwa choti ofesi yasintha dzina. Imakhala yabwino ngati munthu wodziwa ntchito anaiona pa nthawi imene chiwetocho chinkaphedwa. Lamulo latsopano tiliyese ndi muyezo umenewu.

Alonda ndi ambiri kale

Dziko lathu silikusowa malamulo a zakudya. Chiweto chikakhala chamoyo, komanso pa nthawi yochipha, amayang'anira ndi a veterinária, ndiwo madokotala ndi alangizi a ziweto. Iwo amatsata Regulamento de Sanidade Animal, malamulo amene anatuluka mu Decreto 26/2009. Ng'ombe ikamachoka ku Mecanhelas kapena ku Mandimba kubwera ku Lichinga, chikalata cholola kuti iyende amalemba ndi iwowo. Ukhondo wa malo ogulitsira ndi thanzi la wogulitsa ndi nkhani ya a zaumoyo. Pali Decreto 15/2006 ya ukhondo wa zakudya, ndiponso Lei 3/2022 ya umoyo wa anthu onse, imene inalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1982. Kenako panabwera INAE, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2009 kuti liziyendera masitolo, malo ophikira buledi ndi malo odyera. Município nayo ili ndi afisikali ake mumsika. Nsomba nazo zinapatsidwa ofesi yakeyake.

Kwa wogulitsa, zimenezi zimatanthauza alendo ambiri, aliyense ndi pepala lake. Kwa wogula amene banja lake latsekula m'mimba usiku wonse, zimatanthauza kusadziwa khomo loti agogodepo. Mwana wa alezi ambiri nthawi zina amagona ndi njala, chifukwa aliyense amayesa kuti mnzake wamudyetsa. Pa mfundo imeneyi ndikugwirizana ndi Boma. Si ife oyamba kuganiza chonchi. Portugal inakhazikitsa bungwe lotere, ASAE, mu 2005, ndipo Angola inachita chimodzimodzi mu 2020.

Ambiri mukukumbukira chaka cha 2017. Kumayambiriro kwa chakacho, INAE motsogoleredwa ndi mayi Rita Freitas inatseka malo odyera ndi ophikira buledi ambiri ku Maputo ndi m'mizinda ina, ena mwa iwo otchuka kwambiri. Anthu anaona pa wailesi yakanema makhitchini amene sankawaganizira n'komwe. Inali ntchito yabwino. Koma taonani malo amene anatsekedwawo: anali ndi chitseko, anali ndi chiphaso cha malonda, anali ndi mwini wodziwika. Tebulo la nyama pansi pa mtengo lilibe chitseko choti munthu n'kutseka. Mukalichotsa lero, mawa mulipeza kuseri kwa nyumba ina.

Zimene diso silingaone patebulo

Kuyeza nyama kuli ndi magawo awiri, ndipo onse amachitika nyama isanafike pamsika.

Gawo loyamba, woyeza amaona chiweto chili chamoyo. Kodi chikuima bwino? Chikupuma bwanji? Chikutuluka dovu kapena mamina? Thupi latentha? Chiweto chodwala sichiloledwa kuphedwa kuti chigulitsidwe. Gawo lachiwiri, chikaphedwa, amaona mutu, lilime, mtima, mapapo, chiwindi ndi matumbo. Amacheka tianabere, timibulu tija timene timatupa munthu akakhala ndi chilonda, chifukwa ndi mmene matenda amayambira kuonekera. M'mapapo a ng'ombe akhoza kupeza chifuwa chachikulu. M'chiwindi akhoza kupeza nyongolotsi. Akakhutira, amadinda chidindo panyama, chija pa Chipwitikizi amati carimbo. Akapeza vuto, amataya chiwalo chimodzi, kapena amakaniza nyama yonse.

Tsopano ganizirani woyendera amene wafika pamsika dzuwa lili paliwombo. Nyama yadulidwa kale m'mapisi. Mutu wagulidwa m'mawa, zam'kati zili kale pachiwaya cha wokazinga. Iye aona chiyani? Aona ntchentche, amva fungo, afunsa za madzi osambira m'manja, ayesa sikelo, apempha mapepala. Zonsezi n'zofunika. Koma matenda amene anali m'mapapo sangawaonenso. Umboni wapita. Woyendera wa pamsika, ngakhale akhale ndi mphamvu zotani, amafika mochedwa.

Chitsanzo chomveka bwino ndi nkhumba. Alimi amawadziwa masese, timatuza toyera tonga mpunga timene timapezeka m'mnofu ndi pansi pa lilime la nkhumba. Ku Angónia, m'chigawo cha Tete, akatswiri anayeza nkhumba 661, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2010. Poyang'ana lilime anapeza masese mu nkhumba pafupifupi 13 pa 100 zilizonse. Poyeza magazi anapeza kuti zinali pafupifupi 35 pa 100 zilizonse. Muone kusiyanako. Wogula nkhumba amene amatsekula kamwa n'kupapasa lilime amaganiza kuti wachenjera, koma zambiri zodwala zimamudutsa.

Munthu akadya nyama ya masese yosapsa bwino, m'matumbo mwake mumakula njoka yaitali yaphanthiphanthi. Mazira a njokayo amatuluka ndi chimbudzi. Ngati palibe chimbudzi chokumba, nkhumba yoyendayenda imadya, ndipo masese amayambiranso. Choopsa kwambiri n'chakuti mazirawo akalowa m'kamwa mwa munthu, kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo zamasamba, amatha kukafika ku ubongo n'kuyambitsa khunyu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, OMS, limati m'madera amene njokayi ndi yofala, odwala khunyu pafupifupi 30 pa 100 alionse amadwala chifukwa cha iyo. Kuno ku Lichinga ambiri ndi Asilamu ndipo nkhumba sadya. Komabe nkhaniyi siikuwasiya kunja, pakuti mazirawo amachokera kwa munthu mnzako, osati pa mbale.

Ndinenenso pang'ono za kuzinga. Chipembedzo chimaletsa kudya chiweto chofa chokha, chija timati chibudu, ndipo lamulo limeneli lapulumutsa anthu ambiri. Koma shehe amene wazinga mbuzi wagwira ntchito yake, ndipo woyeza nyama ali ndi yakenso. Ntchito ziwirizi sizilimbana. Zikhoza kuchitikira pamalo amodzi, m'mawa umodzi.

Chifukwa chiyani anthu amabisa?

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo opanga malamulo sakonda kukhalitsapo.

Tiyerekeze munthu wa ku Assumane amene ali ndi mbuzi imodzi yoti agulitse kuti agule makope ndi yunifolomu ya ana. Lamulo likufuna kuti nyama yogulitsa iphedwere pamalo ovomerezeka, iyezedwe. Ndiye awerengere: kunyamula mbuziyo panjinga yamoto kupita kophera, kulipira msonkho wa kumeneko, kudikira woyeza, kubwerera ndi nyamayo. Phindu la mbuzi imodzi ndi lochepa. Akachotsa zonsezi, mwina sakhala ndi kanthu. Choncho amaphera kuseri kwa nyumba mbandakucha, pamasamba a nthochi. Sikuti ndi munthu woipa mtima. Wangowerengera.

Palinso mantha ena aakulu. Woyeza akaikana ng'ombe, mwini wake wataya chuma chonse tsiku limodzi. Ndiye munthu amene akuona kuti ng'ombe yake yayamba kufooka amathamanga kukaipha usiku, woyeza asanamve. Zotsatira zake ndi zokhota: chiweto chathanzi chimapita kokayezedwa, chodwala chimazemba. Nyama yotchipa modabwitsa imene imabwera m'chidebe madzulo kawirikawiri imakhala ndi mbiri yotereyi. Safunsa anadya phula.

Matenda ena sachedwa kupha. Alipo amene pa Chipwitikizi amati carbúnculo. Chiweto chimafa mwadzidzidzi, ndipo nthawi zambiri chimatuluka magazi akuda osaundana m'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo. Chotere musachisende, musachitumbule n'komwe, itanani a veterinária. Mu 2011 ku Chama, m'dziko la Zambia, mvuu zambiri zinafa ndi matendawa mumtsinje wa Luangwa. Anthu anagawana nyamayo. Oposa 500 anadwala ndipo asanu anamwalira. Chimene chinawakankha kudya nyama yofa yokha inali njala ndi kusowa ndiwo. Chindapusa sichikanawaletsa.

N'chifukwa chake ndikunena kuti bungwe lamphamvu loyendera, likabwera lokha, lidzagwira theka la ntchito, mwinanso kuonjeza vuto. Chindapusa chikakula koma malo ophera ali kutali, kuphako kudzangosamukira mumdima. Chofunika m'mabairro a m'mphepete mwa mzinda si nyumba yaikulu ya makina. Ndi malo aang'ono a simenti, okhala ndi denga, madzi, mbedza zopachikapo nyama ndi dzenje lotayamo zoipa. Woyeza azifikapo pa ola lodziwika, ndipo mtengo wake ulembedwe pakhoma kuti aliyense awerenge. Pafunikanso kuganizira mwini chiweto chokanidwa. Ophera nyama akhoza kumasonkha kandalama kochepa pa chiweto chilichonse, ngati mmene timachitira pa chipereganyu, kuti amene chake chakanidwa abwezeredwe ngakhale theka. Munthu akadziwa kuti sataya zonse, sabisa.

Chitima: pamene yankho lichedwa

Pali chinthu china chimene woyendera sangachite ndi maso ake okha. M'mwezi wa Janeiro 2015, ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa ku Tete, anthu anamwa pombe pamaliro. Anthu 75 anamwalira, ena ambiri anagonekedwa m'chipatala. Mphekesera inafala kuti wina anathira ndulu ya ng'ona mumowa. Yankho lenileni linalengezedwa m'mwezi wa Novembro, patapita miyezi khumi, ndipo kuti lipezeke zinthu zina anakaziyeza kunja kwa dziko. Munalibe ndulu ya ng'ona. Munali poizoni wopangidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timene tinamera mu ufa wachimanga umene unawonongeka.

Miyezi khumi ndi nthawi yaitali kuti mudzi ukhale ukuloza chala. Ifenso kuno tikudziwa mmene mphekesera imathamangira matenda akabuka. Tinaona nthawi ya kolera imene inayambira m'boma la Lago mu Setembro 2022 n'kufika muno mu Lichinga. Bungwe loyendera zakudya limene lilibe malo oyezera pafupi, kapena njira yachangu yotumizira zoti ziyezedwe, lizidzangoyerekeza. Niassa ili kutali ndi Maputo. Tikamamva za bungwe latsopano, tifunse ngati ndalama za malo oyezera m'zigawo zakumpoto zilipo.

OMS inawerengera mu 2015 kuti mu Africa muno anthu oposa 91 miliyoni amadwala chaka chilichonse chifukwa cha zakudya zoipa, ndipo pafupifupi 137 000 amamwalira. Poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, palibe chigawo china cha dziko lapansi chimene chimavutika kuposa ife. Ambiri mwa odwalawa salembedwa paliponse. Amangoti m'mimba.

Nanga woyendera amamuyendera ndani?

Musaganize kuti vuto lili pa tebulo la wosauka lokha. Mu 2017 ndi 2018, ku South Africa, anthu oposa 1000 anadwala matenda otchedwa listeriose, ndipo oposa 200 anamwalira, ambiri mwa iwo makanda. Pa 4 Março 2018 boma la kumeneko linalengeza kuti matendawo ankachokera mu poloni wa pa fakitale yaikulu ya ku Polokwane. Anali poloni wokutidwa bwino, wa chizindikiro chodziwika, wogulitsidwa m'masitolo oyera. Dziko lathu linaletsa msanga kuitanitsa nyama zoterezo kuchokera kumeneko.

Ku Brasil, dziko limene limagulitsa nkhuku zoundana m'maiko ambiri, apolisi anaulula mu Março 2017 nkhani imene anaitcha Carne Fraca. Anapeza kuti oyeza nyama ena a boma ankalandira ziphuphu kuti avomereze nyama yosayenera. Chidindo chinalipo, koma chinali chogula.

Phunziro lake kwa ife ndi losavuta kumva. Mphamvu zikaikidwa m'manja amodzi, manjawo amafunika kuwayang'anitsitsa kuposa kale. Woyendera amene angathe kulanda katundu, kutseka malo ndi kulemba chindapusa, angathenso kupempha kaja timati refresco. Ndipo amene amapemphedwa kawirikawiri ndi munthu amene sadziwa kuwerenga pepala limene waonetsedwa.

Apa inu amene mukuphunzira kuwerenga muli ndi chida m'manja. Munthu akafika pa malonda anu n'kunena kuti ndi woyendera, muli ndi ufulu wopempha mwaulemu kuti akuonetseni chiphaso chake cha ntchito. Werengani dzina lake ndi dzina la ofesi. Chindapusa chenicheni, chimene amati multa, chimalembedwa papepala, chimatchula lamulo limene mwaphwanya ndi kuchuluka kwa ndalama. Mukalipira mumalandira recibo. Katundu akalandidwa, zimenezonso zimalembedwa. Ndalama yoperekedwa m'manja popanda pepala si multa ayi. Nkhani yotere malo ake ndi ku Procuradoria.

Inunso ogula, phunzirani mawu awa pa mapaketi: validade, kapena consumir antes de. Akutanthauza tsiku limene chakudyacho chithera mphamvu. Manambala amayamba ndi tsiku, kenako mwezi, kenako chaka. Nkhuku kapena karapau woundana amene m'paketi mwake muli madzi a magazi oundana pansi, kapena paketi yofewa, ndiye kuti anasungunuka n'kuumitsidwanso. Magetsi akazima nthawi yaitali zimachitika. Musagule.

Ulendo wa lamulo ndi wautali

Tikumbutsane mmene lamulo limayendera. Boma limalemba ganizo, proposta de lei. Aphungu 250 a ku Assembleia da República amakambirana, choyamba mfundo yake yonse, kenako ndime imodziimodzi. Akavomereza, Pulezidenti wa dziko amasaina, ndipo lamulo limasindikizidwa mu Boletim da República. Anthu ambiri amayesa kuti ulendo wathera pamenepo. Ayi. Pamafunikanso regulamento, malamulo aang'ono ofotokoza kuti ntchito izigwiridwa motani, ndi yani, pa mtengo wanji. Pamafunikanso ndalama mu Orçamento do Estado, ndondomeko ya chuma cha Boma ya chaka chilichonse.

Taonani chitsanzo. Ndime 92 ya Constituição imati wogula ali ndi ufulu wolandira katundu wabwino, wouzidwa zoona, ndi wotetezedwa pa umoyo wake. Lamulo loteteza ogula, Lei 22/2009, linatuluka mu Setembro 2009. Regulamento yake, Decreto 27/2016, inatuluka mu 2016. Zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Mwana amene anabadwa pamodzi ndi lamulolo anali atayamba sukulu regulamento ikutuluka.

Choncho zimene zidzasinthe moyo wa ku Assumane sizili m'dzina la bungwe. Zili m'mapepala amene amabwera pambuyo, amene wailesi siiwalengeza mokweza. Ndi mmenemo mumalembedwa kuti woyendera malonda ndi woyeza nyama azigwirizana bwanji. Ndi mmenemo mumaoneka ngati chindapusa cha mayi wokazinga zam'kati chisiyana ndi cha sitolo yaikulu. Ndi mmenemo mumadziwika kuti ndi oyendera angati amene atumizidwe ku Niassa, chigawo chachikulu kuposa zonse m'dziko muno, komanso ngati adzakhale ndi njinga yamoto ndi mafuta. Ine ndingakonde kuti wogulitsa wamng'ono ayambe waphunzitsidwa ndi kuchenjezedwa, chilango chibwere kachiwiri. Koma amene wagulitsa dala nyama ya chiweto chofa chokha asachitiridwe chisoni, kaya ndi wamkulu kaya ndi wamng'ono, chifukwa amene amayamba kufooka ndi ana.

Mbali ina ya nkhaniyi siidikira Maputo. Misika ndi malo ophera nyama mumzinda ndi udindo wa Município, ndipo misonkhano ya Assembleia Municipal ndi yotseguka, aliyense akhoza kukamvera. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kambiranani m'kalasi mwanu, kumpingo, kumzikiti kapena pa msonkhano wa bairro, ndipo mupemphe secretário wa bairro kuti apite nanu. Funsani kuti malo ovomerezeka ophera mbuzi ndi ng'ombe amene ali pafupi ndi Assumane ndi ati. Funsani kuti woyeza amafikapo masiku ati ndi nthawi yanji, kuti kuphetsa mbuzi imodzi ndi meticais angati, ndi kuti chidindo chake chimaoneka bwanji kuti muzichizindikira pamsika.

Mafunsowa mukhoza kuwalemba m'kalata. Lamulo la ufulu wodziwa zinthu, Lei 34/2014, limalola nzika iliyonse kupempha uthenga ku ofesi ya Boma popanda kufotokoza chifukwa chake, ndipo ofesiyo imayenera kuyankha pasanathe masiku 21. Lembani makalata awiri ofanana. Imodzi musiye, inayo akudindireni tsiku limene mwapereka, ndipo muisunge.